Kahampu ka Pansi pa Chala

Dzanzi linayambira pa chala chaching'ono cha dzanja lamanja. Poyamba ndinkangoti ndi kuzizira, chifukwa aliyense amene anagonapo ku Chitipa mwezi wa Juni akudziwa mmene mphepo ya kuno imalumira. Ndinkapisa manja m'khwapa, kuwafikisa, kuwaotha pa mbaula, kenako n'kukhala pa tebulo n'kuyamba ntchito. Koma dzuwa la Okutobala litafika, thukuta lili chuchuchu, chala chija sichinadzuke. Chinzake choyandikana nacho chinayambanso kugona. Ku chipatala ananditenga magazi n'kundiuza kuti ndi shuga, ndiponso kuti shuga akakhalitsa m'thupi amayamba kudya kumapeto, ku zala ndi ku mapazi.

Ine ntchito yanga ndi kutayipa. Ndinabwera kuno kuchokera kummwera ndili mtsikana, boma litanditumiza kudzatayipa mu ofesi ina pa Boma. Anzanga amene tinafika limodzi ankangolira kupempha kuti awasamutse, ati kuno n'kumapeto kwa dziko. Ine ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Lufita n'kukhazikika. Nditapuma ntchito ya boma sindinapume kutayipa. Ndinachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, ndinaikamo tebulo, kompyuta, pulinta ndi benchi, ndipo anthu anayamba kubwera: ofunsira ntchito, a mipingo ndi ndondomeko za miyambo yawo, aphunzitsi ndi mayeso, komanso akuluakulu otsika ku Misuku amene amafuna kuti mawu awo akafike kwa ana awo ali papepala, osati pa foni pamene mwana akhoza kunama kuti netiweki inadula.

Katayipidwe kanga ndi kamene ndinaphunzira pa makina achitsulo akale aja: maso sayang'ana zala. Kuno ndinasiyanso kuyang'ana pa galasi la kompyuta, ndipo chifukwa chake chilipo. Munthu akamandiuza zoti ndilembe amayamba m'Chichewa pondilemekeza, nkhani ikatentha amalowa m'Chitumbuka, ikamupweteka amagwera m'chilankhulo cha kwawo. Pamenepo ine ndimamva theka ndi makutu, theka ndi maso. Ndiyenera kumuyang'ana pakamwa ndi pamphumi. Zala zimadziyendera zokha pansipo, n'kumandiuza kuti chilembo chalowa, chalowa, chalowa. Tsono zala zikasiya kunena, ntchito yanga yatha.

Kiyibodi imene ndinali nayo inali yotchipa ija, yamphira mkati, yofewa ngati ukudina buledi wonyowa. Zala zili bwino ndinkaipirira. Zitachita dzanzi sindinkadziwanso ngati ndadina kapena ndangokhudza, ndipo zilembo za mbali ya kumanja zinayamba kuthawa. Mayi wina wa mpingo anandibwezera mapepala ake atazunguliza ndi bolopeni yofiira malo onse amene chilembo chinasowa. Sanakalipe. Anangoti, "Pepani amama, mwina mwatopa." Bola akananditukwana. Chifundo chakecho chinandiwawa kuposa mbama, ndipo ndinatayipanso zonse ulere, mano ali gwa.

Nkhani inafika kwa mwana wanga wamkazi, namwino ku Mzuzu, ndipo amene anaifikitsa ndikuwadziwa, ndimagona nawo nyumba imodzi. Awiriwo anagwirizana pa foni, ine ndili pomwepo ndikusenda mbatata, kuti nditseke kachipinda kaja ndipite ku Mzuzu ndikapume. Kupuma kwake ndikukudziwa. Ndi kulera zidzukulu, kudya masamba opanda mchere, n'kumasuzumira pa zenera kudikira kuti mwana wako abwere ku ntchito adzakubaye chala. Bambo a kunyumba atadula foni anandiyang'ana ndi nkhope yawo ya uphunzitsi ija, imene ankaopsezera nayo ana a anthu.

"Mayi, thupi likakana lakana. Mwagwira ntchito, zakwana."

"Lakuuzani ndani kuti lakana? Zala ziwiri ndiye thupi?"

"Nanga mapepala akubwererawa simukuwaona?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Zalazi ndi zanga. Inu ndi mwana wanuyo mukhoza kumaliza mayunitsi onse a pa Boma, ine ku Mzuzu sindikupita."

Ndinapsa mtima zedi. Mbatata zija ndinazisenda mpaka zinatsala ngati mazira a nkhunda, ndipo tinadya zomwezo.

Amene anandionetsa njira ndi bambo wina wa ku Ntcheu, wogwira ntchito ya msonkho pa chipata cha m'malire. Anabwera kudzasindikiza makadi a ukwati wa mlongo wake, ndipo anakhala pa benchi akundiona ndikufufuta n'kubwereza mzere umodzimodzi. Ndi munthu wokonda zipangizo za makompyuta ngati mmene ena amakondera nkhunda. Atabweranso kudzatenga makadi ake anatulutsa m'chikwama kiyibodi yakeyake, yolemera ngati njerwa, n'kuiika patsogolo panga.

"Mayi, tayesani iyi. Muno mulibe mphira. Batani lililonse lili ndi siwichi yake pansi, ndi sipuling'i yake. Mukazula kachipewa ka pamwambaka, siwichi ija mukhoza kuizulanso n'kuikapo yamtundu wina."

Anatulutsanso kabolodi kakang'ono kokwana m'dzanja, kokhala ndi masiwichi amitundumitundu oyesera, ndipo anandifotokozera modekha. Ofiira ndi osalala, chala chimangotsetsereka mpaka pansi osakumana ndi chilichonse. Abulauni ali ndi kahampu pakati, ngati mahampu a pamsewu, koti chala chimve kuti chadutsa pamene chilembo chimalowera. Abuluu ali ndi kahampu komanso amalira, batani lililonse kuti tcha. Panalinso ena angapo amene anangoti anawaitanitsa mwachidwi. Anandiuza kuti ndikhale nako kabolodiko masiku angapo, ndisafulumire.

Ine kufulumira ndiye kwanga. Nditangodina wabuluu n'kumva kuti tcha, mtima unadumpha. Ndinakumbukira ofesi yathu yakale, makina akulira mbali zonse, ife atsikana titakhala mowongoka, bwana akudutsa pakhomo osayerekeza kutisokoneza. Komanso ndinali ndi cholinga china. Ndinkafuna kuti bambo a kunyumba akamadutsa popita ku msika azimva ali patali kuti mkazi wawo sanafe. Ndinabweza kabolodi kaja nthawi yomweyo.

"Awa, achimwene. Olirawa."

"Mwatsimikiza, mayi? Aphokosotu amenewo."

"Phokosolo ndi limene ndikufuna."

Ndili ndi mnzanga wa geni amene amawoloka malire kukapikula katundu ku Tanzania. Ndinamulembera zonse monga anandiuzira bambo wa msonkho uja, iye n'kungovomera m'Chiswahili kuti "Sawa, dada," ndipo patapita milungu ingapo anabwera ndi kiyibodi yatsopano itakulungidwa m'chitenje pakati pa sopo ndi mapoto. Masiku oyambawo ndinali mfumukazi. Tcha-tcha-tcha kuyambira m'mawa, mpaka mayi wogulitsa tomato panja ankati ndikumuimbira ng'oma. Zilembo zinasiya kuthawa. Madzulo ndinkafika kunyumba n'kuika pepala loyera, lopanda cholakwa, pafupi ndi mbale ya bambo.

Kenako kunabwera mkulu wina wa ku Misuku, mlimi wa khofi, nsapato zili matope okhaokha chifukwa mbali ina ya njira anayenda wapansi. Ankafuna kulembera mwana wake amene ali ku Lilongwe za munda, kuti abwere adzaone malire iye akadali moyo. "Mwaghona, amama," anapereka moni, n'kukhala pa benchi chipewa chili pa bondo. Anayamba bwinobwino. Ine maso pa nkhope yake, zala pa mabatani, tcha-tcha-tcha. Anaima. Nanenso ndinaima. Anayambanso, ine tcha-tcha, iye n'kuimanso, akuyang'ana pakhomo.

"Pitirizani, adada, ndikumva."

"Amama, chinthu ichi chikulira nga ni ku polisi. Ine nindanange kanthu."

Ankatanthauza kuti iye sanalakwe chilichonse. Anandiuza kuti ali mnyamata anakachitirapo umboni pa mlandu wa ng'ombe yobedwa, ndipo makina amene ankalemba mawu ake ankalira chimodzimodzi, liwu lililonse ngati akulikhomera msomali. Ndinamunyengerera kuti pano si pa polisi, koma pakamwa pake panali patatsekeka kale. Anavala chipewa n'kunena kuti adzabwera tsiku lina. Ndinamuyang'ana akutuluka, ndikudziwa mtunda umene wayenda pachabe, ndipo ndinachita manyazi. Nditaganiza bwino ndinaona kuti si iye yekha. Chibwerere kiyibodi ija, makalata a anthu anali atafupika. Ankalankhula mouma ngati ali m'khoti, ndipo palibe amene ankagweranso m'chilankhulo cha kwawo.

Ndinaumabe khosi. Ndinati anthu azolowera. Koma mvula ya Disembala ndi imene inandiweruza. Kachipinda kanga n'kamalata opanda siling'i, ndipo tsiku lina kunagwa chimvula choti ngakhale wokhala naye pa benchi sungamumve. Ndinali kutayipa mayeso a sukulu ina, maso ali pa zolemba za mphunzitsi. Nditasindikiza ndinapeza mabowo okhaokha, zilembo zomwe zija, mbali yomwe ija. Nthawi yonseyi zala zanga sizinkamva kanthu. Amene ankagwira ntchito anali makutu, ine n'kumanyadira kuti ndachira. Mvula itangotseka makutu, ndinabwerera pamene ndinayambira.

Bambo a kunyumba anaona mapepalawo chifukwa ndinawatengera kunyumba kukakolezera mbaula.

"Ndiye makina odula aja athandiza chiyani?"

"Athandiza kundiuza kuti ndinasankha ndi makutu. Ulendo uno ndisankha ndi zala."

"Mayi, kodi mukulimbana ndi ndani?"

"Ndi shuga. Ndi inu. Ndi aliyense amene wandikonzera kale mpando wa pakhonde."

Ndinakabwerekanso kabolodi koyesera kaja, ndipo bambo wa msonkho, mwaulemu wake, sananene kuti ndinakuuzani. Ulendo uno ndinadziikira malamulo. Ndinkayesa m'mawa ndisanaothe manja, pamene zala zimakhala zitafa kwambiri. Ndinkatsegula wailesi mokweza kuti makutu asandinamizenso. Ndinkatseka maso, n'kutembenuza kabolodiko kangapo kuti ndisadziwe mtundu uli pati. Ndipo ndinkadina ndi zala ziwiri zodwala zija zokha, chifukwa zamoyozo chilichonse zimavomera.

Ofiira anali ngati kuponda m'madzi. Abuluu, popanda kulira kwawo, anali chabechabe. Abulauni, amene aliyense amawatama kuti ndi apakatikati, zala zamoyo zinkamva kahampu kawo ngati kamchenga kolowa mu nsapato, koma zodwalazo sizinkamva n'komwe. Ndinatsala pang'ono kukaponya panja kabolodiko. Ndiye m'mawa wina chala chaching'ono chinafika pa siwichi ina ya pakona, ndipo inakana. Ndinakankha, inakanabe pang'ono, kenako n'kugwa mwadzidzidzi, ngati mmene chikhokho cha mtedza chimaswekera ukachifinya. Ndinatsegula maso. Inali yotuwa, imodzi mwa zija anangoitanitsa mwachidwi. Kahampu kake kanali kakakulu ndipo kanali pamwamba penipeni, poyambira. Khungu la chala changa silinamve kanthu, koma mfundo ya chala inamva, mpaka pa mkono ndinamva. Ndinadina kambirimbiri, wailesi ikubangula, ine ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Vuto linali lakuti masiwichi otuwawa ndi olimba. Nditayesa ndi dzanja lamanzere ndinaona kuti kiyibodi yonse ikakhala yotero, pofika masana manja adzakhala ngati ndalima. Ndinaganiza zosakaniza: otuwa pansi pa zala ziwiri zodwala, abulauni pansi pa zotsalazo. Bambo wa msonkho atamva anaseka mpaka kugwira mutu.

"Mayi, anthu sasakanizatu. Kiyibodi imafunika imveke chimodzimodzi paliponse."

"Anthu ake ati, achimwene? Ali ndi zala zangazi? Manja anga sakumveka chimodzimodzi, ndiye kiyibodi ikhale yofanana kuti isangalatse ndani?"

Mnzanga wa geni anawolokanso malire. Ndinamuuza kuti agule abulauni ndi otuwa, koma otuwawo akhale ochulukirapo, chifukwa ndinali nditamva kuti timiyendo tawo tachitsulo timapindika msanga ukamalowetsa. Atafika nawo ndinatengera kiyibodi kunyumba Loweruka masana, ndinayala chitenje pa tebulo, n'kuyamba kuzula tizipewa ndi kapani kawaya kamene kanabwera nayo. Ndi zala zadzanzi ntchito imeneyi si yamasewera. Kachipewa kena kanadumpha n'kukalowa pansi pa kabati. Bambo a kunyumba anali pa mpando wawo akunamizira kuwerenga. Anadzuka, anagwada ndi mawondo awo olirawo, anakatulutsa, kenako anapita kukhitchini n'kubwera ndi mbale yoti ndiziikamo. Sananene kuti agonja, inenso sindinawafunse. Siwichi iliyonse ankaigwirizira pa kuwala kuti aone ngati timiyendo tili towongoka, n'kundipatsira.

Lolemba kachipinda kanga kanali chete. Mabatani ankangoti tu-tu-tu pansipansi, ndipo mayi wa tomato anasuzumira kufunsa ngati ndadwala. Mvula inagwa, ndinatayipa, ndinasindikiza, ndinawerenga mzere ndi mzere ndikudikira bowo, koma sindinalipeze. Mkulu wa ku Misuku uja ndinamutumizira uthenga kudzera kwa wanjinga yamoto kuti chinthu chija chasiya kulira. Anabwera, analankhula mpaka anaiwala kuti ndikulemba, anagwera m'chilankhulo cha kwawo pamene ankatchula mitengo imene anabzala ndi malemu mkazi wake, ndipo kalata inadzaza masamba awiri.

Ndinkaganiza kuti nkhani ya ku Mzuzu yafa. Koma mwana wanga ndi mwana wanga, khosi analitengera kwa ine. Pa Pasaka anabwera ndi galimoto ya apongozi ake, atanena kale kuti chipinda changa cha ku Mzuzu wachipaka penti. Sanafikire kunyumba. Anabwera molunjika ku kachipinda kanga, anatseka chitseko, n'kutulutsa m'chikwama kachingwe kolimba kapulasitiki kamene amayezera nako odwala shuga.

"Amayi, sindikangana nanu. Ikani manja pa tebulo, tsekani maso. Ndikakukhudzani munene kuti eya."

Ndinaika manja monyada. Chala chachikulu, eya. Cholozera, eya. Chapakati, eya. Kenako chete, ndipo ndinadziwa kuti ali pa ziwiri zija, sindinadabwe. Anapita ku dzanja lamanzere. Eya, eya, eya, eya. Ndinadikira chomaliza. Ndinadikirabe.

"Wamaliza?" ndinafunsa.

Nditatsegula maso ndinaona kachingwe kaja katapindika pa nsonga ya chala changa chaching'ono chamanzere, iye akukanikiza, ine osamva chilichonse. Chimenecho sindinkachidziwa. Mantha anandigwira, mantha enieni, amene sindinawamvepo ngakhale tsiku limene ananditchulira shuga. Chinthuchi chikuyenda, ndipo sichikupempha chilolezo. Mwana wanga misozi inali itayamba kale kutsika.

"Mukuona, amayi? Ine ndimaziona izi tsiku ndi tsiku. Zimayamba chonchi. Mukufuna ndidzamve pa foni?"

Ndinagwira dzanja lake n'kuika chala chake pa batani lina la kumanja, pa siwichi yotuwa, n'kuchikankha ndi changa.

"Wamva?"

"Ndamva."

"Inenso ndimamva. Osati pakhungu, muno mu mfundo. Mankhwala ndikumwa, shuga m'tiyi ndinasiya, ku sikelo yanu ya achikulire sindijomba. Zonsezo ndikumvera, mwanawe. Koma ukandichotsa pa tebulo ili, dzanzili lipita nane ku Mzuzu, ndipo kumeneko lidzandipeza ndili chikhalire, ndilibe choti ndilikanize nacho."

Anayang'ana kiyibodi ija. Anadina batani la kumanzere, anadinanso la kumanja, kusiyanitsa. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Chala chatsopanochi chimadina ati?"

"A, ndi awiri oyandikana nayewo, pamwamba ndi pansi."

"Otuwawo alipo otsala?"

Ndinatsegula dirowa. Anatenga kapani kawaya kaja ndi manja ake aunamwino, osanjenjemera, anazula tizipewa, anachotsa abulauni, analowetsa otuwa mmodzimmodzi, akuonetsetsa timiyendo. Atamaliza anandikankhira kiyibodi. Ndinatseka maso ndekha, ndinaika chala chija pa A, ndinakankha. Inakana, kenako inagwa.

"Eya," ndinatero.

"Nanga awa akadzasiya kumveka?"

"Kuli ena olimba kuposa awa. Ndinafunsa kale."

Anaseka akulira, n'kunena kuti bambo ake anakwatira mwala. Anabwerera ku Mzuzu m'mawa mwake, ndipo pa mpando wa m'galimoto umene anandikonzera anakhazikapo thumba la nyemba.